Mwendo Umene Matimu Onse Anaulambalala: Nkhani ya Adam Vinatieri



Ambiri a ife tinaimapo pamzere tsiku lina pamene ankasankha timu. Makaputeni awiri aima kutsogolo, akuloza mmodzimmodzi: iwe bwera kuno, iwe pita uko. Mzere ukunka nuchepa, iwe udakali chiimire, maso ali pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi. Ena zinatichitikira pabwalo la kusukulu, ena pamene mayina a osankhidwa kupita ku sekondale anatuluka, ena pakhomo la ofesi yolemba anthu ntchito. Ululu wake ndi umodzi. Lero ndabwera ndi nkhani ya munthu amene chala sichinamuloze, koma patapita zaka zoposa 20 anakhala wosewera amene wapezera matimu ake mapointi ambiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligi ya NFL ku United States. Dzina lake ndi Adam Vinatieri.

Ndiyambe ndafotokoza za mpirawo, chifukwa ndi wosiyana kwambiri ndi wathu wamiyendo. Mpira wa ku America ndi wotalikirapo ngati dzira, ndipo nthawi zambiri amaunyamula kapena kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Bwalolo amaliyeza m'mayadi, ndipo yadi imodzi imachepera pang'ono pa mita. Timu ikafika ndi mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya adani, imapeza mapointi 6. Koma njira yake ndi yovuta, chifukwa timu imapatsidwa mipata inayi yokha kuti isunthe mayadi 10, ndipo kutsogolo kwake kumakhala zimphona zoitchinga. Zikakanika koma golo ili pafupi ndithu, mphunzitsi amaitana munthu mmodzi amene wakhala akudikira kunja kwa bwalo. Ameneyu amamutcha kicker. Ntchito yake ndi kumenya mpira woimikidwa pansi kuti udutse pamwamba pa mtanda wa golo, pakati pa mizati iwiri. Mtandawo uli pamtunda wa mamita atatu, ndipo mizati inatalikirana mamita asanu ndi theka. Mpira ukadutsa, timu yapeza mapointi atatu.

Kamenyedwe kake ife tikhoza kukazindikira msanga. Kale Amereka ankamenya mpirawu ndi chala, molunjika. M'chaka cha 1964 mnyamata wobadwira ku Hungary, Pete Gogolak, analowa timu ya Buffalo Bills n'kuyamba kumenya chammbali, ndi pamwamba pa phazi, monga amachitira a mpira wamiyendo. Lero onse amamenya choncho.

Tangoganizani munthu amene ntchito yake yonse ndi kumenya penate basi. Sathamanga ndi anzake kwa mphindi zonse kuti mantha asungunukire m'thukuta. Amakhala pambali, nthawi zina ola lathunthu osakhudza mpira, kenaka amuitana pamene zinthu zafika pa mwana wakana phala. Mnzake woyamba amaponya mpira chammbuyo kudzera pakati pa miyendo yake, wachiwiri amauwakha atagwada n'kuuimika pansi, iye n'kumenya. Zonsezi zimatha masekondi awiri asanakwane, adani 11 akuthamangira kudzatchinga. Akagoletsa, anthu amati wachita ntchito yake. Akaphonya, mzinda wonse umadziwa dzina lake. Timu iliyonse ya NFL imakhala ndi osewera 53, koma kicker amakhala mmodzi. Matimu alipo 32, kutanthauza kuti malo a ntchito imeneyi ndi 32 okha padziko lonse lapansi.

Khomo lalikulu lolowera mu NFL amalitcha draft. Chaka chilichonse cha mu Epulo, matimu amasinthana kusankha anyamata ochokera m'makoleji, kuzungulira kasanu ndi kawiri, mpaka atasankha anthu oposa 250. Akazitape a matimu amakhala atazungulira dziko, kuyeza liwiro, msinkhu ndi mphamvu za mnyamata aliyense. Wosankhidwa koyambirira amasaina mgwirizano wa ndalama zambiri, ndipo timu imamupirira ngakhale atayamba mofooka, poti inataya chuma pa iye. Amene dzina lake silinatchulidwe amatsala kudikira foni, mwina timu ina n'kumuitana kuti akayesedwe. Wotereyu akalakwitsa kawiri katatu, amamuonetsa msana wa njira popanda wodandaula.

Adam Vinatieri anabadwa pa 28 Disembala 1972 ku Yankton m'chigawo cha South Dakota, ndipo anakulira ku Rapid City. Ndi dera lozizira kwambiri, la anthu ochepa, lotalikirana ndi mizinda ikuluikulu ya mpira. Atamaliza sekondale analowa sukulu ya usilikali ya West Point, koma sanakhalitseko. Anabwerera kwawo n'kulowa South Dakota State University, imene nthawi imeneyo inkasewera m'gawo lachiwiri la makoleji, kumene makamera a kanema sankafika kawirikawiri. Anasewera bwino kumeneko, mwendo wake unali wamphamvu, koma atamaliza maphunziro panalibe timu ya NFL imene inamusankha.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa nkhani yonse yagona pa zimene mnyamatayu anachita atasiyidwa. Sanakhale pakhonde kumauza anthu kuti akazitape aja ndi akhungu. Anavomereza kuti mwina pali chimene chikusowa m'kamenyedwe kake, ndipo anafunafuna munthu woti amuuze chosowacho. Anatumiza tepi ya kanema yoonetsa mmene amamenyera mpira kwa bambo wina wa ku Abingdon m'chigawo cha Virginia, a Doug Blevins.

A Blevins anabadwa ndi ulumali wa cerebral palsy, ndipo ankayenda pa njinga ya olumala. Chibadwire sanamenyepo mpira. Koma kuyambira ali mwana ankaonerera akatswiri omenya mpira, kubwereza matepi kambirimbiri, kufikira atamvetsa kuti phazi loponda liyenera kutera pati, chiuno chizungulire bwanji, mutu ndi mapewa zikhale motani pamene phazi likukumana ndi mpira. Ataona tepi ija anaona mphamvu zopanda chiwongolero, ndipo anamuitana mnyamatayo. Vinatieri anakwera galimoto yake, ulendo wa makilomita oposa 1,500, nakakhala kumeneko miyezi ingapo akumenya mpira tsiku ndi tsiku, mphunzitsi ali pa njinga yake pambali, kumukonza pang'onopang'ono.

Taonani chithunzi chimenechi bwinobwino. Wophunzira ndi munthu amene matimu onse anamukana. Mphunzitsi ndi munthu amene ambiri akanamukana asanatsegule n'komwe pakamwa, pongoona miyendo yake. Mnyamata wonyada akanafunsa kuti, munthu woti sanamenyepo mpira andiphunzitsa chiyani? Vinatieri anamvera. Makolo athu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndikuonjeza kuti wosankha pofunsa nayenso amagona ndi njala, chifukwa nzeru sizilembedwa pa maonekedwe a munthu.

Khomo lakutsogolo litatsekeka, a Blevins anamuthandiza kupeza lakumbali. Nthawi imeneyo NFL inali ndi ligi yaing'ono ku Ulaya yotchedwa World League of American Football, ndipo kumayambiriro kwa 1996 Vinatieri anakasewerera timu ya Amsterdam Admirals ku Netherlands. Malipiro anali ochepa, oonerera ambiri anali oti akungophunzira kumene malamulo a masewerowo, koma unali mpira weniweni wojambulidwa pa kanema. Chaka chomwecho timu ya New England Patriots inamuitana kuti akayesedwe.

Mphunzitsi wa Patriots anali a Bill Parcells, munthu wodziwika ndi kuuma mtima, amene anali atapambana kale chikho chachikulu cha ligiyi, Super Bowl, kawiri ndi New York Giants. Malo amene Vinatieri ankafuna anali ndi mwini wake, Matt Bahr, katswiri wa zaka zambiri amene a Parcells ankamukhulupirira kuyambira ku Giants komweko. Komabe pamapeto pa mayeso, a Parcells anasiya Bahr n'kutenga mnyamata wosadziwikayo.

Musaganize kuti basi zinayera pomwepo. Pa masewero achiwiri a ligi, ku Buffalo, Vinatieri anaphonya katatu ndipo timu yake inagonja 17 kwa 10. Ntchito inali pakhosi. Patangopita masabata awiri, pokumana ndi Jacksonville Jaguars, anagoletsa kasanu, ndipo komaliza kunali m'nthawi yoonjezera, kumene kunapatsa Patriots chipambano cha 28 kwa 25. Mu Disembala chaka chomwecho, pa masewero a ku Dallas, iye atamenya mpira woyambitsira, Herschel Walker, mmodzi mwa anthu othamanga kwambiri m'ligiyo, anauwakha n'kudutsa aliyense. Vinatieri anamuthamangitsa chakumbuyo mpaka kumugwetsa. Anzake a m'timu, amene kawirikawiri amaona kicker ngati mlendo pakati pawo, anayamba kumuwerengera ngati mmodzi wa iwo. Chaka chake choyambacho timu inafika mu Super Bowl ku New Orleans, koma inagonja kwa Green Bay Packers 35 kwa 21, ndipo chimene chinathyola msana wa Patriots ndi mpira womwe Vinatieri anamenya, Desmond Howard wa Packers n'kuthawa nawo mayadi 99 mpaka kukagoletsa.

Tsopano tifike usiku umene dzina lake linakhazikika. Pa 19 Januwale 2002, Patriots inalandira Oakland Raiders pabwalo la Foxboro, m'ndime yochotsana. Chipale chofewa chinkagwa usiku wonse, bwalo lonse lili mbuu, mizere yosaoneka. Kicker wa Raiders anali Sebastian Janikowski, wobadwira ku Poland, amene timu yake inamusankha m'ndime yoyamba ya draft ya 2000, pa nambala 17. M'bwalo limodzi munakumana wosankhidwa koyambirira ndi wosasankhidwa n'komwe. Janikowski anachita ntchito yake bwino, anagoletsa kawiri, ndipo Raiders inatsogola 13 kwa 3. Patriots inachepetsa kufika 13 kwa 10. Kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, mpira unapulumuka m'manja mwa Tom Brady wa Patriots n'kutoledwa ndi Raiders, koma oimbira ataonanso pa kanema anagamula kuti ubwerere kwa Patriots, chigamulo chimene anthu amakanganabe nacho mpaka lero.

Kenaka anaitana Vinatieri. Mtunda unali mayadi 45, ndiye kuti mamita 41. Pansi panali poterera, mpira utauma ndi kuzizira ngati mwala, mphepo ndi chipale zikumenya kumaso. Kuphonya kukanatanthauza kutha kwa chaka chonse cha timu. Anaumenya motsika, ukupita mogwedera, ambiri m'bwalomo osauona n'komwe, ndipo unadutsa pamwamba pa mtanda pang'ono chabe kutatsala masekondi 27. M'nthawi yoonjezera anamuitananso, pa mayadi 23. Raiders inapempha kupumira kuti imusokoneze maganizo, koma anzake anagwiritsa ntchito mpata umenewo kupalasa chipale ndi nsapato zawo pamalo oti aponde. Anagoletsa, masewero n'kutha 16 kwa 13.

Musawaiwale anyamata opalasa chipalewo. Musaiwalenso Lonie Paxton amene anaponya mpirawo chammbuyo, ndi Ken Walter amene anauwakha ndi zala zozizira n'kuuimika molunjika. Awiriwanso sanasankhidwe pa draft. Anthu atatu amene draft inawalambalala ndi amene ananyamula timu usiku umenewo, ndipo Brady amene anawafikitsa pamenepo anasankhidwa mochedwa, pa nambala 199. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ngakhale pa ntchito imene imaoneka ngati ya munthu mmodzi.

Patapita masabata awiri, pa 3 Febuluwale 2002, Patriots inabwerera ku New Orleans, m'bwalo lomwe lija inagonjeramo zaka zisanu m'mbuyomo. Adani anali St. Louis Rams, amene akadaulo ambiri ankati apambana mosavuta. Zigoli zili 17 kwa 17, Vinatieri anamenya mpira wa mayadi 48 nthawi ikutha, ndipo Patriots inatenga chikho cha Super Bowl koyamba m'mbiri yake.

Koma ine masewero amene ndimawakonda kuwafotokozera achinyamata ndi a pa 1 Febuluwale 2004 ku Houston, Super Bowl yolimbana ndi Carolina Panthers. Tsiku limenelo Vinatieri anayamba moipa. Mpira woyamba, wapafupi ndithu, anauphonya. Wachiwiri adani anautchinga. Anthu mamiliyoni ankaonera pa kanema, ndipo iye anabwerera pambali kawiri konse wopanda kanthu. Kumapeto, zigoli zili 29 kwa 29, anamuitana kachitatu pa mayadi 41, ndipo anagoletsa kutatsala masekondi anayi. Luso lenileni la ntchito imeneyi lili pamenepa. Mwendo wamphamvu ali nawo ambiri. Chosowa ndi mtima wotha kusiya mpira wophonyedwa kumene wagwera, n'kuimirira kutsogolo kwa wotsatira ngati ndi woyamba. Mtima wotere sagula pamsika. Munthu amene anakanidwapo n'kudzuka amakhala atauphunzira kale, chifukwa amadziwa kuti tsiku loipa limatha ndipo kunja kumachanso.

Chaka chotsatira anatenganso chikho chachitatu pogonjetsa Philadelphia Eagles 24 kwa 21. Zikho zitatu zonsezo Patriots inapambana ndi kusiyana kwa mapointi atatu, omwe ndi mtengo wa mpira umodzi wa kicker. Ngakhale zinali choncho, mu 2006 mgwirizano wake utatha, iye ndi timuyo sanamvane, ndipo atatha zaka 10 ku New England anasamukira ku Indianapolis Colts ali ndi zaka 33. Mu Januwale 2007, m'ndime yochotsana ku Baltimore, Colts inapambana 15 kwa 6, ndipo mapointi 15 onsewo anachokera kuphazi lake. Mwezi wotsatira anatenga chikho chachinayi ku Miami, mvula ikugwa, pogonjetsa Chicago Bears.

Ku Indianapolis anakhalako zaka 14. Anavulala, anachitidwa maopaleshoni, ndipo Colts itafikanso mu Super Bowl mu 2010 iye anaonerera ali pambali, Matt Stover akumenya m'malo mwake. Anabwerera. Pakati pa 2015 ndi 2016, ali ndi zaka zoposa 40, anagoletsa maulendo 44 motsatizana osaphonya, chinthu chimene munthu anali asanachitepo mu NFL. Pa 28 Okutobala 2018, pabwalo la Raiders omwe aja ku Oakland, anapitirira mapointi 2,544 a Morten Andersen, amene ankatsogola, n'kukhala pamwamba pa onse.

Mapeto ake sindiwabisa, chifukwa nawonso ndi mbali ya phunziro. Mu 2019, ali ndi zaka 46, bondo linamuvuta ndipo anaphonya kambiri kuposa chaka china chilichonse pa moyo wake wa mpira. Anthu omwe ankamuimbira m'manja anayamba kunena kuti apume. Mu Disembala anapita ku opaleshoni, ndipo sanasewerenso. Analengeza zopuma mu Meyi 2021, atasewera zaka 24, atagoletsa mipira ya mapointi atatu 599, ndi mapointi onse pamodzi 2,673. Thupi lili ndi malire, ndipo ngakhale katswiri wamkulu amafika tsiku loti asiyire ena. Achinyamata a masewero, konzekeranitu tsiku limenelo mudakali ndi mphamvu.

Mwina wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya munthu mmodzi wamwayi. Yang'anani mbali inayo. Mu 2016 Tampa Bay Buccaneers inasankha Roberto Aguayo m'ndime yachiwiri ya draft, mnyamata amene ku koleji ankaphonya mwa apo ndi apo. Patatha chaka chimodzi chokha timuyo inamuchotsa. Ndiye pali Brandon Aubrey, amene ankasewera mpira wamiyendo ngati wathuwu, natengedwa ndi Toronto FC mu 2017, zinthu osayenda, nakagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Anayamba kuphunzira kumenya mpira wa ku America ali wamkulu kale, anadzera m'ligi yaing'ono ku Birmingham Stallions, ndipo mu 2023 Dallas Cowboys inamulemba, nakhala mmodzi mwa akatswiri a ligi m'chaka chake choyamba. Osankha aja si anthu oipa kapena opusa. Amayeza zimene zingayezeke, pa tsiku limene ayezalo. Zimene munthu adzakhale akaphunzitsidwa bwino, ndi mmene mtima wake udzaimire zinthu zikavuta, sikelo yake palibe.

Ndikunena izi mosamala, chifukwa sindikufuna kukunamizani. Pa mnyamata mmodzi wosasankhidwa amene anafika pamene anafika Vinatieri, alipo mazanamazana amene anayesetsa ndi mtima wonse koma foni sinalire. Khama silitsimikizira munthu malo. Chimene limachita ndi kumupezetsa ali wokonzeka tsiku limene khomo latseguka pang'ono. Vinatieri akanapita kwa a Parcells ndi kamenyedwe kake ka ku koleji, Matt Bahr akanakhalabe pamalo pake. Miyezi ija ya ku Abingdon, kopanda wochemerera, ndi imene inagoletsa mpira wa m'chipale uja patatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Kwa inu aphunzitsi ndi akuluakulu amene muli ndi mphamvu yosankha, pempho langa ndi ili: mukatha kulemba mayina, musang'ambe pepala la otsala. Tepi ija ikanangoikidwa m'kabati ku Abingdon, lero sitikanakamba za munthu ameneyu. Pali mwana wina amene akuchokera kusukulu yakutali kumene simufikako, amene akumenya molakwika chifukwa palibe anamuonetsa poponda. Mupatseni mphindi khumi za maso anu, ndipo mumuuze zoona za chimene chikusowa.

Kwa inu achinyamata amene mwina dzina lanu silinatuluke chaka chino, akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Vinatieri sanali wamtali kapena wothamanga moti n'kupikisana ndi zimphona za NFL, koma anasankha nyimbo imodzi n'kuidziwa kuposa aliyense. Pezani yanu. Pezani munthu amene amaidziwa, ngakhale akhale wooneka wonyozeka, ndipo mumumvere. Musanyoze bwalo laling'ono, chifukwa Amsterdam ndiyo inatsegula njira ya ku New England. Lirani usiku umene mayina atuluka, palibe cholakwa. Koma kukacha, tengani mpira wanu mupite kubwalo.